Katundu Akaposa Mphamvu: Nkhani ya ku Makokoba

 Lero tipite ku Bulawayo m'dziko la Zimbabwe, ku lokeshoni yakale kuposa ina iliyonse mumzindawo, ku Makokoba. Tikupitako ndi funso limene Mkhristu aliyense amakumana nalo tsiku lina. Kodi kudalira Mulungu n'kutani pamene mavuto akugwera onse nthawi imodzi, ndipo mphamvu zako zatheratu?

Pali mawu amene timakonda kunena pamaliro ndi m'zipatala. Timagwira mnzathu paphewa n'kumuuza kuti, limbani mtima, Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Timanena ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma ine mawu amenewa ndimawaopa, chifukwa amene akumva amatsala ndi mlandu. Ngati katunduyu ndi wa msinkhu wanga, nanga ine ndikugweranji? Ndiye kuti chikhulupiriro changa n'chochepa? Vesi limene timatengako mawuwa, pa 1 Akorinto 10:13, likunena za mayesero okokera munthu ku tchimo, ndi kuti Mulungu amaika pothawira. Silikunena kuti njala, imfa ndi kugwetseredwa nyumba zidzabwera moyezera. Paulo yemweyo, poyamba kalata yake yachiwiri kwa Akorinto, akusimba za masautso amene anamugwera ku Asiya, ndipo sakubisa: akuti anamulemera kupitirira mphamvu zake, mpaka anataya chiyembekezo chokhala ndi moyo. Ameneyo ndi mtumwi. Ndiye tiyambire pamenepo, kuti katundu woposa mphamvu alipo, ndipo amagwera ndi okhulupirira omwe.

Anthu a ku Makokoba safunika kuwafotokozera zimenezi.

Mzinda wa atsamunda wa Bulawayo unakhazikitsidwa mu 1894, ufumu wa Lobengula utangogwa, ndipo njanji inafika mu 1897. Azungu ankafuna manja ogwira ntchito koma sankafuna kukhala moyandikana ndi eni manjawo, choncho anawapatula malo kuseri kwa tawuni. Zipinda anamangira mwamuna mmodzimmodzi, wobwera kudzagwira ntchito n'kubwerera kwawo. Mkazi ndi ana sanali m'mapulani. Zipinda zomwezo ndi zimene lero mukugona agogo, ana ndi zidzukulu, nsalu yotchinga pakati, chimbudzi ndi mpopi n'zogawana ndi makomo ena angapo. Mapaipi a suweji akaphulika, madzi onyansa amayenda m'njira momwe ana akusewera mpira. Ndipo mpira amautha ana akumeneko, Peter Ndlovu anakulira m'misewu yomweyo.

Pakati pa amuna amene anadzaza zipindazo panali agogo athu. Msonkho wa nyumba ndi thangata zinawatulutsa m'midzi ya ku Nyasaland, ena wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, masabata ali m'njira. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere ndi a Mthandizi onyamula anthu ofuna ntchito. Ena anathera m'mafamu a fodya, ena m'migodi, ena anafika ku Bulawayo nalowa ntchito ku njanji, m'mafakitale ndi m'makhitchini a azungu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anagwirako ntchito ku Bulawayo asanapitirire ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU. Mnzake wa kwathu konkuno, Robert Sambo, anadzala bungwe lomwelo ku Bulawayo mu 1927, boma n'kumupitikitsa m'dzikomo. Kumudzi anthu amenewa tinawatcha machona. Kumene anapitako anawatcha mayina ena, Manyasarande, Mabhurandaya, mayina okumbutsa munthu tsiku ndi tsiku kuti kuno si kwanu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'kathumba ka ulendo ambiri ananyamula Mulungu wawo. Iwo eni ndi amene anapempha amishoni a ku Nkhoma kuti awatumizire mbusa, ndipo mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anayamba ntchito ku Salisbury. M'menemo ndi mmene munaphukira Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP, imene ili ndi mipingo mpaka ku Bulawayo. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922 linawatsata komweko. Taganizirani mwamuna wa ku Ntcheu atakhala pabedi m'kachipinda ka ku lokeshoni, chitupa chili m'thumba poopa apolisi, akuwerenga m'chinenero cha amayi ake za anthu ena amene anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo. Sankafunika womasulira.

Tiime pang'ono pa nkhani ya ku Babuloyo, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mtima wa zimene ndikufuna kunena lero. Pa Yeremiya chaputala 28 ndi 29 pali aneneri awiri. Wina ndi Hananiya. Iye anaimirira m'Nyumba ya Mulungu, anthu ali tcheru, nalonjeza kuti zisanathe zaka ziwiri ukapolo utha, mfumu ibwerera, ziwiya za m'kachisi zibwerera. Anachita kuthyola goli lamtengo limene Yeremiya anavala m'khosi, kuti anthu aone ndi maso. Ndani sakanaimba nthungululu? Winayo ndi Yeremiya, amene analemba kalata yowawa kwa akapolo aja. Anawauza kuti zaka zake ndi 70. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana awo, ndiponso apempherere mtendere wa mzinda umene wawagwira ukapolo, pakuti mtendere wawo uli m'menemo. Vesi lija timalimata pamagalimoto ndi pamakalendala, la pa 29:11, lonena za malingaliro abwino amene Mulungu ali nawo pa anthu ake, lili m'kalata yomweyi. Analembera anthu amene ambiri mwa iwo anali oti adzafera ku Babulo komweko. Lonjezo linali loona, koma linali lalitali kuposa moyo wa munthu mmodzi.

Machona a ku Makokoba anakhala moyo wa kalata ya Yeremiya, kaya ankadziwa kaya ayi. Anakwatira akazi achindebele ndi achishona, ana awo anakula akuyankhula Sindebele panjira ndi Chinyanja pakhomo. Analima chimanga ndi chibwabwa pa timalo ta m'mbali mwa njanji. Anayambitsa mabungwe a maliro, aliyense kuponya kangachepe mwezi ndi mwezi, chifukwa chimene munthu wa kwathu amaopa kuposa imfa ndi kuikidwa ngati wopanda abale. Ndipo musaganize kuti kudalira Mulungu kwawo kunali kungopinda manja. Apantchito a ku njanji atanyanyala ntchito mu 1945, ndi pamene mzinda wonse unaima mu Epulo 1948, misonkhano inkachitikira ku Stanley Hall ndi pabwalo la Stanley Square ku Makokoba komweko, ndipo obwera analimo pamodzi ndi eni nthaka. Munthu ankatha kuimba nyimbo za Mulungu Lamulungu m'mawa, madzulo n'kukaimirira pamsonkhano wofuna malipiro oyenera, osaona kuti pali kutsutsana.

Tsopano tibwere ku zaka zathu zino, zimene ambiri a inu mukuzikumbukira.

Mu 2001 dziko la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anayenera kukakana unzika winawo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira pachipatala cha Mpilo, amene Malawi anangomumva m'nthano za agogo, anapezeka kuti ziphaso zawo zikuwatcha alendo. Kuvota kunatha. Ena kutenga kalata ya kubadwa ya mwana kunasanduka phiri, ndipo mwana wopanda kalatayo amavutika kulemba mayeso, kupeza ntchito, ngakhale kulembetsa nambala ya foni.

Kenaka mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina. Apolisi ndi mathirakitala analowa m'malokeshoni m'dziko lonse, kugwetsa tinyumba ta kuseri ndi misika ya m'mbali mwa msewu, ena kuwakakamiza kugwetsa okha ndi manja awo. Inali nyengo yozizira, ndipo amene anagonako ku Bulawayo mu Juni akudziwa mmene chisanu chakumeneko chimalumira. Nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, kapena popezera chakudya, kapena zonse ziwiri. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mndebele anali ndi kwawo ku Tsholotsho kapena ku Nkayi, ngakhale kunali njala. Nanga mdzukulu wa mchona apite kuti? Mudzi wa agogo ake akungodziwa dzina la mfumu, mwina ndi dzinalo analiiwala.

Pamenepo mipingo ya ku Bulawayo inachita chinthu chimene sindifuna kuti chiiwalike. Inatsekula zitseko. Mabanja anagona m'maholo a matchalitchi, katundu ataunjikidwa m'mbali, amayi a mumpingo akuphika m'miphika yaikulu. Abusa a mipingo yosiyanasiyana, amene masiku ena amakangana za ubatizo ndi za Sabata, anagwirana manja. Mu Julayi apolisi anabwera usiku, nawatulutsa anthuwo m'matchalitchi kupita nawo ku famu ya Helensvale kunja kwa mzinda, ndipo ambiri anakatayidwa kumidzi. Wina anganene kuti ndiye zinathandiza chiyani, poti mapeto ake anawachotsabe? Funsani mayi amene khanda lake linagona pansi pa denga masabata ozizira aja. Mulungu sanaimitse mathirakitala. Ine sindingakuuzeni chifukwa chake, ndipo ndimakayikira aliyense wofulumira kupereka chifukwa. Koma amene ankafunsa kuti Mulungu ali kuti m'mwezi umenewo, ambiri anamupeza pakhomo la tchalitchi, atanyamula bulangete.

Zitatha izo ndalama inafa. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi 2008 kukwera mitengo kunafika pa maperesenti 231 miliyoni, ndipo kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Madala amene anagwira ntchito zaka makumi atatu, akudulidwa penshoni mwezi uliwonse, anapeza kuti thukuta lawo lonse silikugula ndi buledi yemwe. Mabungwe a maliro aja, ndalama zimene anasonkha zinasungunuka m'mabuku. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dzikomo. Mafakitale amene anapatsa Bulawayo dzina la mzinda wofuka utsi anatseka limodzilimodzi, ndipo achinyamata anawoloka Limpopo, kusiyira agogo ana. Zidzukulu za machona zachonanso, ulendo uno ku Hillbrow ndi ku Diepsloot mumzinda wa Johannesburg.

Nanga madzi? Bulawayo amamwa kuchokera ku madamu a kum'mwera kouma, Umzingwane, Inyankuni, Insiza, Mtshabezi ndi awiri a Ncema. Maganizo okoka madzi ku Zambezi anayamba kukambidwa mu 1912, chaka chomwe Vlok anafika ku Salisbury, ndipo mpaka lero mpopi wa ku Makokoba sunalawe madzi amenewo. Mu 2020 madzi ankatsekedwa maola 144 pa sabata, ndiye kuti masiku asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri, ndipo ku Luveve anthu 13 anamwalira ndi matenda otsekula m'mimba. Chilala cha 2024, chomwe chinatipwetekanso ife kuno, chinabwezeretsa mizere ya zigubu pamijigo.

Ndawerenga zonsezi motsatizana dala, kuti mumve kulemera kwake. Si vuto limodzi loti munthu apemphere, asale kudya masiku atatu, lichoke. Ndi moyo wonse.

Pamalo otere Hananiya sasowa. Masiku ano amabwera ndi zokuzira mawu ndi suti yonyezimira. Amagulitsa mafuta odzozera, madzi a m'botolo, zibangili. Amati bzalani mbewu ya madola khumi, mwezi uno usanathe chitupa chituluka, mwana wa ku Joni atumiza ndalama, shuga achoka m'thupi. Ndipo zikapanda kuchitika, wolakwa ndi inu, simunakhulupirire mokwanira, kapena pali azakhali ena kumudzi amene anakumangani. Ndikunena mosapsatira, okondedwa omvera: kutenga dola yomaliza ya mayi wamasiye amene amagulitsa tomato pamsika wa ku Makokoba, n'kumulonjeza tsiku limene Mulungu sanalonjeze, ndi kuba, ndipo ndi kuba m'dzina la Mulungu. Choipa chachikulu n'chakuti tsiku lija likadutsa, munthuyo amataya ndalama pamodzi ndi chikhulupiriro. Sindikunena kuti Mulungu sachita zozizwitsa. Amachita, ndipo ambiri a ife tili ndi umboni. Koma sagulitsa, ndipo satipatsa kalendala.

Ndiye kudalira kwenikweni kumaoneka bwanji? Choyamba chimene ndimaona n'chakuti kumalola munthu kulira. Tsekulani Salimo 88 usiku uno. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza mulibe mawu a chigonjetso, limathera mumdima, koma analisunga m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Wolemba wake akudandaula, akufunsa, akuchita ngati akukangana ndi Mulungu, koma akuyankhulabe ndi Iye, ndipo kuyankhulabe kumeneko ndiko chikhulupiriro. Tileke kuletsa anamfedwa kulira ndi mawu akuti Mkhristu salira. Ambuye Yesu analira pamanda a Lazaro, ndipo m'munda wa Getsemane anapempha anzake atatu kuti akhale naye maso chifukwa mtima wake unali wolemedwa kufikira imfa.

Ndipo m'mawa mwake, panjira ya ku Gologota, mtanda uja anasenza ndani? Asilikali anagwira munthu wongodutsa, Simoni wa ku Kurene, mzinda wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Libya. Wobwera. Ngati Mwana wa Mulungu anafika poti wina amunyamulire mtanda, inu mukuchitiranji manyazi kunena kuti abale, ndalephera, ndigwireniko? Paulo uja, atasimba za ku Asiya, akuti zinachitika kuti asadzidalire yekha koma adalire Mulungu woukitsa akufa, ndipo pomwepo akuwonjeza kuti Akorinto nawo akumuthandiza ndi mapemphero awo. Sakulekanitsa ziwirizi. Akuluakulu athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mu mpingo mawu amenewa amavala yunifolomu yoyera ya amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, amene amafika pakhomo la wodwala Lachinayi ndi kapu ya ufa, kachidutswa ka sopo ndi nyimbo. Amayi otere alinso m'miphakati ya Akatolika, monga a ku St Patrick's ku Makokoba konko, ndi kwa Aanglikani a ku St Columba's. Amayi amenewa nawonso kwawo mphika uli pululu. Amagawana chochepacho, ndipo sabata yamawa wolandira lero ndiye adzanyamule kapu ya ufa kupita kwa wina.

Pali chinanso chimene sitimachitcha chauzimu, koma ine ndimachiona kuti ndi chauzimu ndithu: kudzuka m'bandakucha kukaima pamzere wa ku ofesi yolembera anthu, kachitatu, kachinayi, atakubweza dzulo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anabwezera unzika kwa munthu wobadwira m'dzikomo amene kholo lake linachokera ku dziko la m'chigawo cha SADC, ndipo pa zinenero 16 zovomerezeka Chichewa chilipo. Zimenezo sizinagwe kumwamba ngati mvula. Panali anthu amene anayankhula, analemba, anapita kumakhoti, ena mwa iwo atsogoleri a mipingo. Koma lamulo la papepala ndi chiphaso cha m'manja n'zosiyana. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linafotokoza kuti anthu ambirimbiri akadali opanda mapepala, zidzukulu za obwera pamodzi ndi ana a amene anaphedwa pa Gukurahundi m'ma 1980, ndipo bungwe la United Nations loona za othawa kwawo linkayerekeza kuti pafupifupi 300,000 ali pangozi yokhala opanda dziko. Gogo amene amapemphera usiku kuti mdzukulu wake alembe mayeso, m'mawa n'kumanga chitenje kukaimanso pamzere uja, akuchita chinthu chimodzi, osati ziwiri. Akumanga nyumba ndi kulima munda ku Babulo.

Ena a iwo sadzaona mapeto ake. Madala ambiri amene anafika pa malole a Ulere agona ku manda a West Park ndi a Luveve, sanaonenso phiri la Dedza kapena nyanja ya ku Nkhotakota. Anawaika ndi anzawo a m'bungwe la maliro, nyimbo za Chichewa zikumveka pa nthaka ya Amandebele. Sindikhulupirira kuti Mulungu anawanamiza. Chiyembekezo chachikhristu chimapyola manda, ndipo chikanakhala kuti chimathera pa moyo uno wokha, Paulo yemwe akuti tikanakhala omvetsa chisoni kuposa anthu onse. Koma ndikudziwanso kuti mawu amenewa ndi osavuta kunena uli pa maikolofoni, wakhuta. Amene ali ndi ufulu wowanena mokweza ndi amene anawasunga m'chaka cha 2005 ndi cha 2008, ndipo ku Makokoba aliko ambiri otero, amene mayina awo sadzalembedwa m'nyuzipepala.

Ndisanatseke, ndili ndi pempho kwa magulu awiri. Inu abusa ndi akulu a mpingo ku Bulawayo, ku Harare, ku Kadoma ndi m'mafamu, sungani bwino mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Kwa mabanja ena, dzina lolembedwa m'buku la mpingo ndi umboni wokhawo wa papepala wakuti agogo awo anakhalako, ndi kuti anachokera mudzi wakuti, mfumu yakuti. Patulani munthu mmodzi mumpingo wodziwa za malamulo, woti aziperekeza okalamba ku maofesi, chifukwa ambiri amabwezedwa kaamba kosowa wowayankhulira.

Ndipo inu a kuno kumudzi, ku Ntcheu, ku Kasungu, ku Mangochi, ku Chipata, ku Angonia: masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda mauthenga a achinyamata olemba Chichewa chothyokathyoka, akufunsa ngati alipo akudziwa banja lakutilakuti, agogo awo anachoka m'ma 1950 osabwerera. Musawaseke Chichewa chawocho, ndipo musafulumire kuganiza kuti akufuna munda. Pitani kwa agogo amene atsala, kwa a mfumu, mufunse. Kalata imodzi yochokera kwa nyakwawa, kapena chithunzi cha manda a makolo, chingathe kutsekula khomo limene mwana wa ku Makokoba wakhala akugogoda zaka zambiri.